Chanzi cha Pazenera

Dontho loyamba la mafuta litagwera m'kabotolo, Anastazia anapukuta manja pachitenje chake cha chipani n'kungoima chilili.

Dzulo lake a Gerevazio, aphunzitsi a sayansi, anali atamuopseza kuti amuchotsa ntchito yosamala labotale ya pasukulupo. Kalekale iwo anali ataphimba mazenera onse ndi mphasa, monga achitira ndi nazale ya kabichi, poopa kuti chanzi chimene ankachilera m'zitini chipsa ndi dzuwa. Anastazia anachotsa mphasa imodzi osapempha, ndipo panatha miyezi iwiri asanamutulukire.

Tsopano timabotolo tiwiri totchezera nthunzi tinali patebulo. Chanzi cha mumthunzi, chamasamba aakulu obiriwira chija, anachiwiritsa m'mawa wonse koma chinangotulutsa madzi okhaokha. Cha pazenera, chofiirira ndi chokwinimbira, ndicho chinkadontha mafuta achikasu, fungo lake lotsegula mphuno n'kudzaza chipinda chonse.

"Inu mayi, munadziwa bwanji?" anafunsa a Gerevazio atavula magalasi.

"Mwana akamatsokomola, kwathu ku Kasina sitithyola chanzi cha pamthunzi, aphunzitsi. Timakwera kumiyala, kumene dzuwa limachiwamba."

A Gerevazio ananunkhiza kabotoloko kawiri, misozi n'kulengeza m'maso chifukwa cha ukali wa fungolo. Kenaka anakwera pampando n'kuyamba kumasula mphasa zotsalazo imodziimodzi, fumbi likuwagwera m'mutu.

"Tagwirani mpandowu, mayi, ndingagwe."

Anastazia anaugwira ndi dzanja limodzi. Linalo linali litafumbata kabotolo kaja, ndipo analibe maganizo okatula.