Nkhanu za Pansi pa Makina Amphepo

Mogens analumphira m'boti la Thorkild, msodzi mnzake, n'kumuwomba pamphumi ndi ngowe yachitsulo.

"Wadula zingwe za miono yanga, galu iwe!"

"Ndinayamba kutchera ndine!" Thorkild anakuwa, magazi ali chuchuchu, n'kumuluma dzanja mpaka ngowe inagwa. "Woyamba kutchera ndiye mwini malo. Waiwala?"

Anagwirana pakhosi, kugubuduzana pa nkhanu zamoyo, uku pamwamba pawo mapiko a makina amphepo opangira magetsi akungozungulira. Chiwaimikire makinawo m'nyanja, nkhanu zinaswana mwadzaoneni m'miyala yochirikiza matsinde ake, ndipo msodzi aliyense ankalimbirana pomwepo.

Mogens anamumenyetsa mutu pa chitsulo chokokera miono. Thorkild anangoti zii.

Mantha anamugwira Mogens. "Thorkild! Dzuka aise, usandichite zimenezi!"

Anafwanthula m'bokosi kufuna chomangira bala. Anapezamo chinsalu chakale chimene awiriwo ananyamula limodzi pa zionetsero, makina asanaimikidwe. Anamukulunga nacho mutu.

Pang'onopang'ono magazi anayamba kuphimba mawu amene Mogens analembapo yekha: MAKINA ASABWERE, ATITHERA NKHANU.