Zipolopolo Zitatu pa Msewu wa ku Gojra

Chipolopolo choyamba chinaswa galasi lakutsogolo. Ziwiri zinazo zinalowa mumpando, pomwe panali mutu wa Ambuye Episkopi Ilyas Sandhu asanawerame kuti atole korona yawo.

Ine dalaivala wawo ndinali nditaimitsa galimoto chifukwa ngolo ya nzimbe inatseka msewu. Amuna awiri owomberawo anazimiririka m'fumbi pa njinga yamoto.

"Ambuye! Ambuye, muli moyo?"

Anaweramuka pang'onopang'ono, tizidutswa ta galasi tili mbwee m'ndevu. Anapisa chala m'bowo la pampando, n'kuchichotsa msanga.

"M'bowomu mukutentha, a Barkat," ananong'ona. "Mukutenthabe."

"Tibwerere ku Faisalabad, Ambuye. Abweranso amenewa!"

Sanandimve. Ankangodzigwiragwira m'khosi ndi pachifuwa, kufunafuna magazi.

"Msana wangawu mukuudziwa," anatero. "Zaka zitatu tsopano, nsapato amachita kundimangira. Ndiye ndawerama bwanji mpaka pansi? Alipo wandikankha, a Barkat. Ndi Mulungu ameneyu."

Kenaka analoza kutsogolo.

"Ana makumi anayi akudikira sakramenti la Ulimbitso ku Gojra. Tiyeni."

Ndinayesa kuliza galimoto, koma zala zinakana kugwira kiyi. Ndinayesanso, osatheka.

Ambuye anatsika, n'kuzungulira kudzatsegula chitseko changa.

"Sunthani, achimwene. Lero bwana ndinu."

Ndinasuntha, iwo n'kugwira chiwongolero. Galimoto inazima kawiri. Kachitatu inanyamuka, mphepo ikutiwomba kumaso, ndipo sinakhotere ku Faisalabad.