Chiliza cha Mayi Edita

Panali munthu wina ku Chipata, dzina lake a Gerson Miti, kalaliki wopuma pantchito. Nkhaniyi ndinaimva kwa mayi wina amene analipo tsikulo, ndipo akuti inachitikadi.

A Miti anali ndi ana aamuna awiri. Wamkulu, Lovemore, anali ndi digiri, koma zaka zinayi zinatha akungoyenda ndi envulopu m'maofesi kufunafuna ntchito. Wamng'ono, Madalitso, atamaliza Giredi 12 anakana koleji n'kukaphunzira zomangamanga. A Miti sanamukhululukire. Alendo akabwera ankawasonyeza chithunzi cha Lovemore atavala gauni. Akafunsidwa za winayo ankangoti, "Aa, uja amaseweretsa matope ku komboni ya Nabvutika."

Akazi awo, Mayi Edita, anamwalira mu Juni, ndipo anaikidwa kumudzi kwawo kufupi ndi Tamanda. Patangotha miyezi itatu a Miti anati akufuna chiliza choti anthu akachiona adziwe kuti pagona mphunzitsi.

Madalitso anapita kukagwada. "Atate, ndiloleni ndiwamangire ndine amayi. Koma tidikire mvula igwe kaye, dothi litsike. Manda akadali atsopano. Tikamanga pano, chidzatitimira."

"Iwe ukandiphunzitse ine?" anatero a Miti. "Mayi ako anaphunzitsa zaka makumi atatu. Chiliza chawo chimangidwe ndi munthu wothawa sukulu? Lovemore wapeza kale akatswiri."

Akatswiriwo Lovemore anawapeza pa foni. Bwana wawo anabwera atavala suti, akulankhula Chingerezi chokhachokha, ndipo a Miti anamukonda pomwepo. Mu Okutobala anthu ake anamanga chilizacho masiku awiri okha. Sanakumbe maziko, sanaike zitsulo. Anangothira simenti pamwamba pa dothi lofewa, n'kumata matailosi onyezimira, n'kuimika mwala wa dzina. Kenako anakuta zonse ndi pulasitiki yakuda kudikira tsiku lovundukula.

Mukudziwa kuti kumanda sitipitako wamba. Choncho dzinja lonse palibe anakaonako.

Tsiku lovundukula linaikidwa Loweruka la pambuyo pa Pasaka. A Miti anaitana abusa, amayi a Chigwirizano ndi aphunzitsi onse amene anagwira ntchito ndi malemu. Anapha mbuzi zitatu. Lachinayi anatuma Lovemore kuti akapemphe chilolezo kwa akuluakulu a kumudziko, akatchetche udzu kumanda ndi kuona ngati zonse zili bwino. Lovemore anafika pamsika, anamwa zoziziritsa kukhosi, n'kubwerera. Munthu wa digiri agwire chikwakwa?

"Zonse zili bwinobwino, Atate," anatero.

Loweruka anthu anandanda kupita kumanda akuimba. A Miti anali patsogolo ndi Lovemore. Madalitso anali kumbuyo, atagwira dzanja agogo ake, mayi a malemu, amene maso awo anali atayamba kuchita khungu.

Atafika, nyimbo inazima yokha. Pulasitiki inali itang'ambika. Chiliza chinali chitathyoka pakati n'kulowa pansi, ndipo m'dzenjemo munali madzi obiriwira ndi achule. Mwala wa dzina unali utagwa chafufumimba m'matope.

Amayi ena anayamba kulira ngati maliro ndi atsopano. Mlongo wake wa malemu anatembenukira a Miti. "Alamu, mwatiitanira zimenezi? Mlongo wanga anakulakwirani chiyani?"

A Miti anagwira Lovemore pamkono. "Iwe, si unati zonse zili bwino? Chitapo kanthu!"

Lovemore anatulutsa foni. Nambala ya bwana wa suti inali yotseka. Anayesanso kachiwiri, kachitatu, anthu mazana awiri akumuyang'ana. Pomaliza anati, "Atate, ndiwalembera kalata yodandaula."

Wina kumbuyo anaseka mokweza. "Lembani, a digiri! Achulewo akusainirani!"

Agogo aja anafunsa motsitsa mawu, "Kwachitika chiyani? Mwana wanga ali bwanji?" Madalitso anawakhazika pamthunzi n'kuwauza kuti, "Palibe choopsa, agogo. Ndikonza." Kenako anavula jekete, anapempha chilolezo kwa akuluakulu, n'kulowa m'matope ndi nsapato zake zakutchalitchi. Anadzutsa mwala uja, naupukuta ndi malaya ake mpaka dzina la mayi ake linaoneka.

A Miti anasendera pafupi. Analankhula aliyense akumva. "Madalitso, mwana wanga, kodi chingakonzeke?"

"Chikonzeka, Atate. Tigumule chonse, tikwirire dothi, titsendere bwino, tiyambire pa maziko. Masabata awiri." Anapukuta manja pa thalauza. "Koma ndekha sindingathe. Ndikufuna munthu wotunga madzi ndi kukankha wilibala."

Palibe anatchula dzina. Anthu onse anangotembenuka n'kuyang'ana Lovemore.

Abusa anatseka ndi pemphero lalifupi, alendo ambiri anachoka osadya, ndipo nyama ya mbuzi inagawidwa kwa oyandikana nawo. Lolemba m'mawa anthu a m'mudzimo anaona Lovemore akukankha wilibala ya mchenga kupita kumanda, mng'ono wake akumuuza pothira. Madzulo m'manja mwake munali matuza okhaokha.

Phunziro: Makolo, lekani kunyoza mwana amene wasankha ntchito yamanja. Koleji ndi yabwino, koma si njira yokhayo, ndipo pepala silidzutsa mwala ukagwa. Mmisiri akakuchenjezani, mverani, ngakhale ali mwana wanu wamng'ono. Tumizani nkhaniyi kwa makolo onse amene amachita manyazi ndi omanga, akalipentala, owotcherera zitsulo ndi amakanika a m'nyumba mwawo, aiwerenge lisanawafikire tsiku la a Miti.