Foni ya Chingerezi ya Mayi a ku Ilala

Panali munthu wina mumzinda wa Dar es Salaam, dzina lake Laurent. Nkhaniyi ndi yoona, madalaivala akale a msewu wa Kasumulu amaidziwa. Inali nthawi ija makampani a eni ake anali atangoyamba kuchuluka, mafoni am'manja akufika kumene.

Laurent anabadwira ku Dar es Salaam konko, Chichewa ankachimva koma poyankhula ankasakaniza. Mayi ake, a Salome, anali a ku Ntcheu. Anabwera ku Ilala, dera lina la mumzindamo, ali mtsikana potsatira amuna awo, amunawo anamwalira, iwo osabwereranso. Kumudzi kunatsala mng'ono wawo mmodzi yekha, a Goodness.

Atapeza ntchito pakampani ina yotulutsa katundu kudoko, Laurent anasamukira ku Upanga, dera lina la mumzinda womwewo, n'kugulira mayi ake foni.

"Chichewa chilimo umu?" anafunsa a Salome.

"Hakuna, mama. Muli Chingerezi ndi Chiswahili."

"Chathu anachiiwala eti? Basi, ndiikire Chiswahilicho. Nyimbo za kutchalitchi ndimawerenga m'menemo."

Mkazi wa Laurent, Eveles, anathirapo ndemanga: "Bambo a Furaha, aikireni chimene akuwerenga. Foniyo ndi yawo."

Laurent anaseka. "Mayi a munthu wa muofesi, foni yawo izilemba Chiswahili ngati ya kondakitala wa minibasi ya daladala? Anthu aziti chiyani? Mama, ikalira muzingodina chobiriwirachi. Ndipo musampatse munthu aliyense, akuba ndi ambiri mjini muno."

Mudziwe kuti masiku amenewo wa kumudzi sankaimba, ankangoflasha. Foni ilire kamodzi, adule, wa kutauni aimbenso. Kwa a Goodness netiweki inkapezeka pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa dimba. Ankakwera pamenepo ndi foni ya mwana wawo Tiwale, kuflasha, n'kukhala pansi kudikira.

Poyamba zinkayenda. Lamlungu Laurent ankapita ku Ilala, kufufuza nambala, kuwaimbira. Akuluakulu awiriwo ankacheza za mvula, za amene wamwalira, za mtengo wa masuku umene ankakwera ali ana. Laurent ankamva mayi ake akuseka kuseka kumene sanakumvepo m'Chiswahili.

Kenaka ntchito inachuluka. Lamlungu lina analumpha, linanso analumpha.

Tsiku lina atawaimbira kuti awapatse moni, a Salome anati: "Mwanangu, foni ikungolira kamodzikamodzi. M'mawa, masana. Ndikathamanga ndi manja onyowa ndimapeza yasiya. Goodness sachita chonchi."

"Ndibwera Jumapili, mama."

"Undiuze podina, ndiimbe ndekha."

"Mungasokoneze. Dikirani."

A Salome anamasula foni pamfundo ya chitenje n'kukaonetsa mnansi wawo, Bi Mwanamkuu, ataigwira okha monga anawauzira mwana wawo. Mnansiyo anayang'anitsitsa, napukusa mutu. "Kizungu hicho, dada. Ine sindingathe."

Jumapiliyo, ndiye kuti Lamlungu, Laurent sanabwere. Amene anabwera patapita masiku anali a Maclean, dalaivala wa thiraki wa kufupi ndi kwawo ku Ntcheu. Anavula chipewa ali pakhomo.

"Mayi, pepani. A Goodness tinawaika m'manda sabata yatha."

Laurent atamva anathamanga. Anapeza mayi ake atakhala pamkeka. Sanamkalipire, anangomtambasulira foni ija.

"Tembenuza."

Laurent anadina pang'ono chabe, malemba onse n'kusanduka Chiswahili. Ntchito yosatenga ngakhale nthawi yomwera madzi. A Salome anailandira, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedezeka. Anapeza okha pamene panalembedwa mafoni osayankhidwa. Nambala inali imodzimodzi, kutsika mpaka pansi. Anadina okha.

Mwamwayi Tiwale anali kudimba, foni inagwira. Laurent ankamva zonse.

"Amayi aakulu, mwaimba lero?"

"Ndaimba, mwanangu."

"Atalephera kuyenda ankatiuza tiwakweze panjinga mpaka pachulu. Aflashe, akhale pamenepo dzuwa likuwawotcha. Tikati tiyeni kunyumba, ankati ayi, achemwali anga akutsuka mbale, akapukuta manja ayimba."

A Salome anafunsa: "Uli pachulu pomwepo?"

"Eya."

"Usadule. Ndimveko mphepo ya kwathu."

Laurent anatuluka panja, n'kukhala pansi m'fumbi ndi suti yake.

Phunziro: Ukamagulira kholo foni, ika chiyankhulo chimene iye amawerenga, osati chimene iwe ukufuna anthu aone. Foni si yodzitamira nayo, ndi pakamwa pa munthu. Ngati mayi ako kapena bambo ako akudikira iwe kuti uwadinire, pita lero ukawaphunzitse, usadikire Lamlungu. Tumiziraniko abale onse amene ali kutali ndi kwawo.