Kazembe ku Magodi

"Ndege za dziko lanu zinapha mwamuna wanga pamlatho, ali ndi thumba la mtedza panjinga. Lero mukufuna kukayanjanitsa mayiko ena? Ndi pakamwa pati?"

Mayi Keziya anayankhula atagwada, mawu ali pansi, monga ayankhulira munthu woleredwa pamaso pa mlendo wamkulu. Koma mawuwo anali makala.

Mlendoyo, kazembe wa dziko lakunja, anafika m'katchalitchi ka ku Magodi ndi wojambula kanema. Dziko lake linkafuna kukhala mkhalapakati pa nkhondo ina kutali, koma omenyanawo ankalikumbutsa mabomba omwe linaponya m'midzi ya eni zaka makumi anayi zapitazo. Ndiye linamutuma kuti akamve kwa oferedwa.

Chizungu Keziya sankachidziwa. Sanadandaule, poti womasulira anali mwana wake wobala yekha, Bornwell, yemwe anabadwa atate ake ali kale m'manda.

"Uwauze zonse, mwana wanga. Usamezeko."

"Zonse, amama."

Keziya anafotokoza momwe anatolera mwamuna wake Mateyu m'chitenje. Momwe analimira yekha ali ndi pakati. Momwe anadikirira munthu mmodzi yekha wodzanena kuti pepani, mpaka mano kutha m'kamwa. Bornwell ankamasulira pang'onopang'ono.

Kazembe anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anachoka pampando, nagwada pasimenti ndi suti yake, n'kugwira manja a mayiyo. Alendo anzake anawomba m'manja. Keziya anamva mwala womwe unakhala pachifuwa pake zaka zonsezi ukusuntha. Zawalowa. Dziko lonse lija lagwada pamaso pa mkazi wa Mateyu.

Anamubweretsera pepala. Bornwell anati ndi dandaulo lake, likupita kwa akuluakulu. Keziya anadinda chala mwamphamvu.

Alendo akulongedza, Racheal, mphunzitsi yemwe anakhala kumbuyo manja ali pamiyendo, anadzamunong'oneza.

"Amama, mwakhululukadi?"

"Kukhululukira ndani?"

"Bornwell ndege sanazitchule n'komwe. Wati munaiwala kalekale, ndipo mukupempha mayiko onse akhulupirire anthu awa. Pepalalo likutero. Lolemba akuyamba ntchito kuofesi yawo ku Lusaka."

Keziya anaimirira. Anamupeza Bornwell pakhomo atanyamulira kazembe chikwama, namugwira pamkono.

"Atate ako wawakwirira kachiwiri m'Chizungu. Tsopano ndiyang'ane, undiyankhe m'chilankhulo chomwe unayamwa. Wawauza chiyani?"