Wokugwirani Dzanja Ndiye Munthu

Chibwerere m'mudzi lamulo loti aliyense woona zinthu zomwe palibe azikasungidwa kunyumba ya odwala kuboma, Nachisale anasiya kupachika zovala pamsomali. Malaya opachika ankasanduka munthu m'maso mwa amuna ake, a Kambalame, amene matenda onjenjemera anawayamba m'manja kenako n'kuwalowa m'maso. Galasi analiphimba ndi chitenje. Koma alendo osaonekawo sanaleke kubwera, ndipo a Kambalame, munthu waulemu chibadwire, ankawalonjera mmodzimmodzi.

"Bambo, musamalonjere munthu asanakugwireni dzanja," Nachisale ankawaphunzitsa tsiku ndi tsiku. "Wokugwirani ndiye munthu. Enawo ndi matenda chabe."

Anamva, ndipo m'nyumba munayamba kupumika.

Tsiku loyeza ngati a Kambalame akuonabe zinthu zomwe palibe, namwino anaika kamakina kolankhula patebulo n'kutuluka. Lamulo linali lakuti wapabanja akhale pakona, asalankhule, asakhudze wodwala.

"A Kambalame, kupatula inu, muli anthu angati m'chipinda muno?" kanafunsa kamakinako.

A Kambalame anayang'ana pakhomo, anayang'ana pampando, maso n'kudzaima pakona. Anamuyang'anitsitsa Nachisale, dzanja lawo likunjenjemera pabondo ngati likudikira. Nachisale anakhalira manja ake onse awiri kuti angamuthawe.

"Mulibe munthu," anayankha modekha. "Mayi uyo amabwerabwera, koma ndi matenda chabe."

Kanyali kofiira kanayaka, ndipo panja galimoto yowatenga inalira. Apo m'pamene Nachisale anawagwira dzanja. A Kambalame anamwetulira.

"Mwabwera, mayi? Ndakhoza, monga munandiphunzitsira."