Mizere Iwiri ya Loweruka

"Iwe, ukunamiza mfumu! Pulawo yakoyo siikukhudza dothi."

Kinfu anaimitsa ng'ombe. M'malire a munda wake munali amuna asanu onyamula mikondo, atavala zofiira za asilikali a mfumu. Mkulu wawo ankaloza pansi.

Linali Loweruka. Kuyambira pamene mfumu inalowa chipembedzo cha ansembe achilendo, lamulo m'dziko lonse la Gojamu linali limodzi: aliyense azilima Loweruka, tsiku la Sabata la makolo. Wopuma ndi woukira, mnzawo wa zigawenga za kumapiri zimene zinalumbira kuti zidzagwetsa mfumu. Mlamu wake wa Kinfu anapuma kamodzi. Kamodzi kokha! Anamudula lilime.

Choncho Loweruka lililonse Kinfu ankamanga ng'ombe m'goli n'kumayenda nazo uku ndi uku, pulawo ataitukula pang'ono. Munthu wa patali ankaona mlimi. Mulungu ankaona munthu wongoyenda.

"Dothi lauma, mbuyanga," anatero Kinfu.

"Lauma? Mvula yagwa dzulo lomweli. Kapena kwanu kuno imagwa youma?"

Anzake aja anaseka. Pakhomo pa nyumba, Askale, mkazi wa Kinfu, anapanikiza khanda pachifuwa kuti lisalire.

"Nena zoona," anatero mkulu uja. "Umasunga Sabata?"

"Ine? Ayi ndithu! Zimenezo ndinasiya kalekale."

"Tione."

Kinfu anayang'ana mkazi wake. Lilime lake lomwe analimva kulemera m'kamwa. Anakanikiza pulawo. Chitsulo chinalowa, dothi lakuda n'kutembenuka. Anakwapula ng'ombe. Mzere woyamba. Wachiwiri. Poopa kuti akadakayikabe, anatchula dzina la wansembe wa chipembedzo cha makolo amene anamubatiza ali khanda, n'kulavulira pansi.

"Mwaona, mbuyanga? Ndine wa mfumu ine."

Ulendo uno palibe anaseka.

Mkulu uja anavula chovala chake chofiira pang'onopang'ono, n'kuchiponya m'matope.

"Izi tavula mitembo kuchigwa uko," anatero. "Ife tatsika kuchokera kumapiri. Tikuyenda khomo ndi khomo kusankha nyumba zoti zisapse mawa. Anansi ako anatilumbirira kuti Kinfu ndi wathu, sanalimepo pa Sabata."

Analoza Askale ndi mkondo kuti abwere pafupi.

"Tsono yankha mokweza, mkazi wako amve. Ndiwe wa ndani?"